Chimbale cha Mapapo a Ija

Tallakot, 19 Malichi 2023

Bhuli Tanuja, mlongo wanga,

Landira moni wa kumapiri kuno. Ndikhulupirira uli bwino ndi Delhi wakoyo. Ife tilipo, Boji wako, mkazi wanga, akupereka moni, njati yabereka kamwana kakakazi. Kalatayi ndapatsira Harish wa takisi ya Lachiwiri, pamodzi ndi ufa wa mawere ndi botolo la mafuta a mkaka. Ndalemba chifukwa foni ya kuno ukuidziwa, mpaka ukwere padenga la khola, komanso iwe ukayankha umangoti, "Ndili pantchito Dajyu, fulumirani."

Nkhani ndi ya mayi athu, Ija. Chifuwa chija sichinathe chiyambireni nyengo yozizira. Kuchipatala cha kufupi kuno anaganiza kuti ndi chifuwa chachikulu, anayeza makhololo kawiri, osapeza kanthu. Ndiye Lachinayi ndinawatengera ku Haldwani pa jipi yanga, maola asanu ndi awiri, akusanza pakona iliyonse, ndipo anawalowetsa m'makina a sikani ngati amene umagwira nawo ntchito aja. Dokotala wake anati m'papo la kumanja, cha kumtunda, muli kabanga. Ndinafunsa kuti kabanga ka chiyani, iye anangoti, "Mubwerenso pakatha miyezi itatu," n'kuitana wina. Titatuluka Ija anandifunsa, ine ndinati ndi utsi wa kukhitchini. Anandiyang'ana, kenako anapempha madzi.

Pepala lakuda la zithunzi limene anatipatsa ndaliika pagalasi la jipi n'kulijambula ndi foni, ndikakwera kumsika ndikutumizira. Iwe ndiwe dokotala wathu, tiuze zoona, ndi matenda aja kapena ayi? Komanso ubwera liti? Zaka zinayi zakwana chichokereni maliro a Babu, bambo athu, pakhomo pano sunapondepo.

Ndine Dajyu wako, mchimwene wako wamkulu,
Trilok


Delhi, 24 Malichi 2023

Dajyu,

Ndagwira mapazi anu ndi a Ija mwaulemu. Ufa ndalandira. Botolo linatayikira m'chikwama cha Harish, moti wandinena mpaka pageti.

Ndatopa kukuuzani kuti ine si dokotala. Ntchito yanga ndi kukhala m'chipinda chopanda zenera, kutsegula sikani ya munthu amene sindidzamuona, n'kumalemba mzere kuzungulira kachotupa kake, chithunzi ndi chithunzi, ngati ndikudula buledi woonda kwambiri n'kumayang'ana chidutswa chilichonse. Ndikamaliza, kompyuta imayeza kukula kwake, kulimba kwake, ngati m'mphepete mwake ndi mosalala kapena muli timinga, ndi zina zambiri zimene diso silingaone. Kenako imanena kuti mwa zotupa zana zooneka chonchi, ndi zingati zimene zimapezeka zitayamba kale kudya mnofu wozungulira. Wogamula ndi Dokotala Sethi, mayi amene ndili pansi pake. Ine ndimangolemba mizere, zotupa makumi atatu pa tsiku, mpaka maso kuotcha.

Chithunzi mwatumizacho sichingandithandize. Ndikuonamo mtengo wa paini, waya wa magetsi ndi chala chanu. Papepala lakudalo amangosindikizapo zithunzi zochepa, pamene makina anajambula zoposa mazana atatu. Zonsezo zili m'chimbale chonyezimira chimene anakupatsani mu envelopu yomweyo. Zoona zonse za Ija zili m'chimbalemo, Dajyu, kwina kulikonse kulibe. Chikulungeni m'nsalu, mumpatse Harish Lachiwiri likubwerali.

Lipoti likuti kabangako ndi ka mamilimita khumi ndi anayi, kooneka ngati chifunga. Ka mtundu umenewu nthawi zina kamatha kokha, nthawi zina kamakhala zaka osasuntha. Choopsa ndi pamene pakati pa chifungacho pamera kanjere kolimba n'kumakula. Lipotilo silikunena za kanjere, ndiye ndikufuna ndione ndekha. Kutsokomolako mwina ndi utsi ndithu, simunaname kwenikweni.

Za kubwera, anzanga awiri asiya ntchito, tchuthi kulibe.

Bhuli wanu,
Tanuja


Tallakot, 11 Epulo 2023

Bhuli,

Moni. Tili bwino, kupatula kuti jipi yadya tayala lina. Kalata yako ndinawawerengera Ija yonse, sindinadumphe mzere. Atamva zoti zoona zonse zili m'chimbale anandiuza kuti ndibwereze pamenepo, ndinabwereza, iwo anati, "Ohoo." Envelopu ili m'bokosi lawo lachitsulo lija, ndipo kiyi wake ukudziwa kuti amagona naye m'khosi. Lachiwiri lapita ndinawakumbutsa, anati mawa. Lero ndawakumbutsanso, andifunsa ngati ndamwetsa njati.

Usade nkhawa kwambiri, mphamvu ali nazo. Kumapeto kwa mwezi watha ndinatenga amayi khumi a m'mudzi muno kupita nawo kukachisi wa Goljyu, mulungu woweruza milandu uja, ku Chitai, Ija anakwera masitepe onse osapuma, pamene ine ndinatsala pansi kumwa tiyi. Udzu akumweta ngati kale. Mwina uwalembere wekha, ine sandimvera.

Trilok


Tallakot, 20 Meyi 2023

Cheli, mwana wanga,

Ukhale ndi moyo, ukule. Ndalemba ndekha ndi dzanja langa, ukalephera kuwerenga uike m'makina akowo akuwerengere.

Makalata ako atatu ndalandira. Yoyamba ikuti chimbale, yachiwiri ikuti chimbale, yachitatu ikuti Ija chonde chimbale. Ndinatembenuza mapepala kuti mwina kumbuyo kuli zina, kunalibe. Sunafunse ngati mvula yagwa, ngati tirigu tadula, ngati bondo langa likupindika. Ndikuuza ndekha tsono. Tirigu tadula, wochepa, anyani anatithandiza kukolola. Bondo likupindika m'mawa, madzulo limakana. Zipatso za kafal zapsa kuphiri, chaka chino zachuluka moti ana akubwera milomo ili psuu. Unkazikonda ndi mchere ndi mafuta a mpiru. Sizitumizika pa takisi, zimafika zitaola.

Boji wako wandichotsa kukhitchini, akuti walamula iwe kuti ndisayandikire utsi. Zaka makumi asanu ndakhala pa moto umenewo, lero ndikudyera pakhonde ngati mlendo. Chabwino, ndamvera.

Za chimbale ndamva. Chili pamalo abwino, palibe achigwire. Amene akuchifuna njira akuidziwa, sinasinthe, basi imaimabe pa mtengo womwe uja.

Kumeneko akuti kwatentha mpaka phula kusungunuka. Uzimwa madzi. Kodi ukudya chakudya chenicheni kapena za m'mapepala zija?

Ija wako,
Bhagirathi


Delhi, 4 Juni 2023

Dajyu,

Ndagwira mapazi. Kalata ya Ija ndaiwerenga. Ine ndikukamba za moyo wawo, iwo akukamba za zipatso. Akufuna ndisiye odwala makumi atatu pa tsiku, ndikwere takisi maola khumi ndi asanu, kudzatenga chinthu chimene Harish angaike m'thumba la malaya? Ndasiya kupempha. Makani awo ndikuwadziwa, ndinakulira momwemo.

Tichite chonchi. Kumapeto kwa mwezi uno miyezi itatu ikwana. Mupite nawo ku Haldwani akajambulidwenso. Muwauze a makinawo kuti zithunzi zikhale zoonda, za milimita imodzi, ndalemba pakapepala kali m'katimu, mungowapatsa. Chimbale chatsopanocho chisafike m'manja mwa Ija. Mukatuluka nacho, pitani pamalo a matakisi, mupatse dalaivala aliyense wobwera kuno, mundiimbire nambala ya galimoto. Mufunsenso ngati angakukopereni cha Malichi chija.

Kuno magetsi akuzimazima, ndikumagona thukuta lokhalokha, ndikamatseka maso ndikumangoona mizere. Perekani moni kwa Boji.

Tanuja


Haldwani, 17 Ogasiti 2023

Bhuli,

Moni. Usandikalipire, ndikudziwa kuti tachedwa ndi mwezi ndi theka. Mu Juni Ija anakana, amati kubzala mawere sikudikira munthu. Mu Julayi mvula inayamba, phiri linagumuka malo atatu, msewu unatsekeka masabata awiri. Atautsegula unagumukanso. Ine ndemwe ndakhala masiku khumi ndi asanu ndi atatu jipi ili pakhomo. Dzulo tadutsa, pamalo ena Ija anatsika n'kuyenda pansi m'matope, akundinyoza kuti ndimayendetsa ngati nkhalamba.

Ajambulidwa m'mawa uno, kapepala kako ndinapereka. Chimbale ndi ichi, ndachikulunga m'mpango wanga. Ija anatambasula dzanja kuti achisunge, ine ndinati, "Ija, ichi ndi cha boma, sichigwiridwa." Anaseka, anati, "Wachenjera liti iwe?"

Cha Malichi ndafunsa. Akuti makina awo amasunga miyezi itatu yokha, kenako amafufuta kuti apeze malo. Ndinachonderera, mayi wa pawindo anandionetsa yekha pa kompyuta kuti dzina la Ija la Malichi palibe. Ndiye chatsala ndi cha m'bokosi chija basi.

Ija aonda pang'ono, kapena ndi maso anga. Ali pabenchi apa akudya nthochi, akuti ndikuuze kuti mzimbe wa kuseri kwa khola walowa madzi. Sindikudziwa kuti iwe uchite nazo chiyani.

Trilok


Delhi, 23 Ogasiti 2023

Dajyu,

Ndagwira mapazi. Kalatayi muwerenge nokha kaye, kenako muwawerengere Ija yonse. Za utsi zija zatha, auzeni dzina lake, tikuopa khansa.

Chimbale chafika bwino. Ndinapempha mnzanga kuti alembe mizere ndiye, kenako ndinabwereza ndekha. Chifunga chija chilipo, sichinathe. Pakati pake pali kanjere kolimba ka mamilimita asanu ndi awiri. Kompyuta yati mwa zana zooneka chonchi, makumi asanu ndi zisanu zimakhala zoyamba kudya mnofu. Ndiye kuti yatisiya pakati penipeni. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuidyetsa mizere, tsiku limene ndaifuna ine yandiyankha kuti mwina.

Dokotala Sethi anakhala nane pansi. Akuti anthu a kumapiri ambiri ali ndi zipsera zakale m'mapapo, za matenda amene anadwala ali ana osadziwa, ndipo chipsera chimatha kuoneka chonchi. Kubaya ndi singano kuti atengeko kachidutswa n'kovuta, kali mkati, pafupi ndi mtsempha. Kudula n'kotheka, koma mapapo a Ija ndi otopa kale ndi utsi, zikuoneka poyera pazithunzi. Akawadula pachabe, tidzakhala tawalanda mpweya umene amakwerera phiri, chifukwa cha chipsera. Akapanda kudula ili khansa, ikafika m'timwanabere ta m'chifuwa, mpeni sudzathandizanso.

Chimene chingatiuze ndi chimodzi. Ngati kanjereko kanali ka mamilimita asanu ndi awiri mu Malichi, ndi chipsera, tiwasiya ndi njati yawo. Ngati kanali kakang'ono, kakukula, adulidwe msanga. Popanda chimbale choyamba tiyenera kudikira miyezi ina itatu kuti tiyerekeze, ndipo miyezi imeneyo ndikuiopa.

Dajyu, thyolani bokosilo. Ndidzagula lina. Akatukwana atukwane ine, anazolowera.

Tanuja


Tallakot, 21 Seputembala 2023

Bhuli,

Moni. Ndakhala chete mwezi wathunthu, mafoni ako ndimawaona ndikakwera kumsika, ndimasowa chokuuza. Tsopano chimbale ndi ichi. Ndikufotokozere mmene chayendera.

Kalata yako ndinawawerengera. Dzina la matendawo sanadabwe nalo, anati, "Umayesa ndine mwana? Munthu sapita ku Haldwani kawiri chifukwa cha utsi." Nditatenga nyundo anavula kiyi okha n'kundiponyera. M'bokosi munali envelopu, pepala lakuda, lipoti, ndolo zawo za ukwati, chipewa cha Babu. Chimbale munalibe. Ndinafunsa, anati chili pamalo abwino. Masabata awiri ndinafunsa, m'mawa ndi madzulo, mpaka Boji wako analira pamaso pawo. Ndi pamene anati, "Chili kwa Goljyu."

Ndinati, "Ija, mwapachika chimbale cha chipatala kukachisi?"

Anati, "Nanga munthu akapita kwa woweruza amapita chimanjamanja? Mlongo wako ananena yekha kuti zoona zonse zili m'menemo. Ndinapereka umboni."

Ndinakhala pansi mutu uli m'manja. Tsiku lija la Malichi ndikumwa tiyi pansi pa masitepe, iwo anali pamwamba akumangirira mapapo awo pa waya.

Ndapita ku Chitai katatu. Ukukumbukira mmene kulili, makalata a madandaulo paliponse, ena papepala la sitampa la kukhoti, ena pa mapepala a m'kope, atamangidwa pamwamba pa anzawo, ndipo pamwamba pake mabelu a anthu amene milandu yawo inayankhidwa. Ija anati anamanga "kumanzere, pafupi ndi belu lalikulu." Mabelu aakulu alipo ngati makumi anayi. Ndawerenga mavuto a anthu mpaka mutu kuwawa, wina akufuna ntchito ya usilikali, wina mchimwene wake anamulanda munda, wina mkazi anathawa. Mvula ikugwa, mapepala akumatirana, anyani akundiyang'ana. Ulendo wachitatu, Lolemba masana, ndinaona kathumba ka pulasitiki ka shuga katamangidwa ndi ulusi wofiira, mkati mukunyezimira. Anakulunga kawiri, mayi ako sachita zinthu mwatheka.

Wansembe anandipeza ndikumasula, anati, "Iwe, ukuba milandu ya anthu?" Nditamufotokozera anaganiza pang'ono, anati, "Umboni ungabwereke. Kalata isiye, mlandu sunathe." Ndiye kalatayo ndinaikopera m'kope langa lolembamo mafuta a jipi n'kuibwezera pamalo pake. Ndinaganiza masiku awiri ngati ndikutumizire. Ija sakudziwa kuti ndaikopera. Ine ndimayesa anapempha kuchira. Werenga wekha, ndaiika pansipa mmene inalembedwera.

Trilok


Chitai, 29 Malichi 2023

Kwa Goljyu, mwini chilungamo,

Ndagwira mapazi anu. Ndine Bhagirathi wa ku Tallakot, mkazi wa malemu Diwan Singh Karki. Sindinagule pepala la sitampa, mundikhululukire, mzere unali wautali.

Sindikudandaula za matenda. Zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri ndasenza udzu, nkhuni ndi madzi, ndatopa ndithu, mukafuna kunditenga simudzavutika nane. Mlandu wanga ndi wina, ndipo wolakwa ndine.

Mwamuna wanga atamwalira, mwana wanga wamkazi Tanuja anafika mochedwa ndi tsiku limodzi, titawotcha kale mtembo. Sanachite dala, msewu ndi wautali. Koma ine mtima unali utapsa, ndipo pamaso pa amayi onse a m'mudzi ndinamuuza kuti, "Zifuwa za alendo umaziona tsiku ndi tsiku, cha bambo ako unalibe nacho nthawi. Bwerera kwa alendo akowo." Anabwerera m'mawa mwake. Zaka zinayi tsopano. Amatumiza mankhwala, amatumiza majuzi, iye osabwera. Ine pakamwa panga ndi polemera, mawu opepesa amafika pakhosi n'kubwerera.

Tsopano akufuna chimbale ichi. Akuti zoona zanga zonse zili m'menemu. Ndikachitumiza, adzandiona mkati monse ali ku Delhi, adzalemba kalata yonena chochita, ndipo sipadzakhalanso chomubweretsa. Ndiye ndachisiya kwa inu. Muyambe mwaona inu, ngati muli ndi makina ake. Akachifuna abwere adzandifunse pamaso, tidzabwera tonse awiri kudzachitenga.

Ndikupempha chimodzi, alowe pakhomo panga ndili moyo, ndimuthire mafuta m'mutu, ndimuuze zimene ndalephera kulemba. Mukandichitira zimenezi ndidzabweretsa belu, osati laling'ono.

Wodandaula,
Bhagirathi


Delhi, 26 Seputembala 2023

Ija,

Ndagwira mapazi anu. Musamukalipire Dajyu, kalata yanu ya kwa Goljyu ndaiwerenga. Ndinaiwerengera pa masitepe a kuntchito, ndinalephera kubwerera mkati mpaka mnzanga anadzanditenga.

Ndiyambe ndi za chimbale, chifukwa ndi zimene ndimatha kunena. Chatseguka, mvula sinachilowe. Mu Malichi kanjere kaja kanali ka mamilimita atatu. Mu Ogasiti kanali ka asanu ndi awiri. Chipsera sichikula, Ija. Titaika zithunzi ziwirizo pamodzi, kompyuta yati makumi asanu ndi anayi mwa zana, khumi zokha ndi zimene sizikhala khansa. Dokotala Sethi akuti mudulidwe, ndipo wapeza malo pa 9 Okutobala. Sindikubisirani, tikanachiona mu Epulo tikanakujambulaninso msanga, mwina akanachotsa kachidutswa kakang'ono. Pano achotsa chigawo chonse cha kumtunda cha papo la kumanja. Mudzayenda, mudzakhala pakhonde, koma mtolo wa udzu kuchokera kuphiri simudzasenzanso. Ngati yafika m'timwanabere tidzadziwa akatsegula. Sindikudziwa, ndipo makina sakudziwa.

Ndakwiya nanu, Ija. Mwataya miyezi isanu ndi umodzi. Koma ndawerenganso kalata yanu ya Meyi ija, munalemba poyera kuti basi imaima pa mtengo womwe uja, ine ndinangoona makani. Ndimapeza kanjere ka mamilimita atatu m'chifuwa cha munthu, izi zinandidutsa. Mawu munanena pamaliro aja ndinawakhulupirira, n'chifukwa chake sindimabwera. Tchuthi chinalipo chaka chilichonse, ndinkangochisiya.

Ndapempha mwezi wathunthu, andipatsa. Ndikwera ndi Harish Lachisanu, ndifika Loweruka masana. Tidzanyamuka tonse Lachinayi lotsatira, pali zoyeza zina asanadule. Musaphike zambiri.

Cheli wanu,
Tanuja


Tallakot, 28 Seputembala 2023

Cheli,

Ukhale ndi moyo. Kalatayi Harish akupatsa ukamakwera, uwerenge m'njira m'malo mosanza.

Ndamva zonse. Trilok amawerenga akulira, mwamuna wamkulu wa ndevu, mpaka ndinamulanda pepala n'kumaliza ndekha. Za udzu usadandaule, ndausenza mokwanira, Boji wako ayambepo. Za mpeni ndikuopa, sindinama. Koma ndipita, sindibisanso kanthu.

Dzulo ndinamutuma mchimwene wako ku Almora kukagula belu la makilo asanu. Anakana, anati, "Ija, belu la chiyani? Matenda alipo, papo likupita, mwalipira ndi miyezi isanu ndi umodzi ya moyo wanu." Ndinati mtengo ndikuudziwa, ndinauwerenga ndisanamange ulusi uja, iye apite akagule. Wabwera nalo, lili pakhonde. Amayi a m'mudzi aliona, akubwera mmodzimmodzi kudzandiyamikira kuti ndachira. Ndikungowapatsa tiyi, sindikuwatsutsa.

Lachinayi tikamapita ku Delhi tidzaima ku Chitai. Masitepe aja ndikwera ndekha mapapo akadali onse, koma belulo ndi lolemera, udzanyamula iwe.

Usabwere ndi makina kapena mapepala. Kuyambira Loweruka mpaka Lachitatu sindikufuna kumva za mamilimita. Ukatsika pa mtengo paja usathamange, njira yaterera ndi mvula. Ndidzakhala pakhonde.

Ija wako,
Bhagirathi